NJOVU ZA KU BUA NDI ZA YANI?

Ife a ku Ngala tiri anthu a m'madzi. Mwana wa kwathu adziwa kupalasa bwato asanadziwe kugwira khasu, ndipo podzuka m'mawa tonse tipenya ku nyanja, kumene asodzi acokera ndi usipa wa usiku. Mapiri a kumadzulo tingowafulatira. Koma kuseri kwa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, cakumwera, kuli nkhalango yaikulu imene anthu angoichula kuti "ku Gemu." Ndiyo Nkhalango ya Nyama ya Nkhotakota, yakale koposa ndi yaikulu koposa mwa nkhalango zonse za mtundu wake m'Malawi. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 180,000. Mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Kaombe ipita m'menemo potsikira ku nyanja, ndipo pamwamba pa zonse pali phiri la Cipata, lotalika mamita oposa 1,600.

M'mwezi wa Seputembala, mitengo ya mombo itaphuka masamba ake ofiira, ndinatenga ana 40 a pa sukulu yanga kukaona nkhalangoyi. Ndisanauyambe ulendo ndinawafunsa amene anaonapo njovu ndi maso, ndipo anakweza manja atatu okha. Ndinacita manyazi, pakuti anawa anabadwira m'boma limene kale linachuka kufikira ku Zanzibar cifukwa ca minyanga. Tinayenda pa galimoto ndi mseu wa m'mbali mwa nyanja, kupyola Dwangwa, kufikira pa mlatho wa Bua, ndipo pamenepo tinapatukira kumadzulo. Dzuwa lisanafike pamutu mlonda wa nkhalango anatiimitsa pa mtunda, natilozera kutsidya kwa mtsinje. Njovu zisanu ndi ziwiri zinalikutsikira ku madzi, yaikazi yaikulu iri patsogolo, kamwana kali pakati pa miyendo ya amake. Ana onse anati zii. Tsono mnyamata wina, mwana wa msodzi, anandikoka malaya nanong'ona kuti, "Aphunzitsi, kodi njovu zimenezi ndi za yani?"

Sindinamyankhe tsiku lija. Funso lake nlalifupi, koma yankho lake ndi mbiri ya zaka pafupifupi 200, ndipo ndiyo imene ndifuna kukufotokozerani inu amene mwayamba kuwerenga muli akuluakulu, pakuti ena a inu munaiona mbali ya mbiriyi ndi maso anu.

NJOVU ZA MFUMU

Kale, mfuti zisanacuruke, kupha njovu sikunali nchito ya munthu wamba. Alenje ake anali owerengeka, odziwa mankhwala ndi mwambo wa uzimba. Ankakumba mbuna m'njira za njovu, kapena kupacika mkondo wolemera pa mtengo kuti ugwere pa msana pa nyamayo popita. Ikafa njovu imodzi, midzi ingapo inkadya nyama. Panali lamulo lodziwika pakati pa Acewa, lakuti mnyanga umene wagunda pansi pogwa njovu ndi wa mfumu mwini dziko, ndipo mlenje atenga wapamwamba. Lamuloli linkakumbutsa munthu ali yense kuti nyama ya m'thengo iri ndi mwini wake, ndi kuti wopha mobisa waba za mfumu. Ulemu wa njovu tiuonanso ku gule wamkulu, kumene cirombo cocedwa njovu sicituluka pa maliro wamba koma pa a mfumu kapena munthu wolemekezeka.

Sindinena kuti makolo athu anali kuzisunga njovu cifukwa ca cifundo ai. Zinkawadyera mapira, ndipo iwo ankagona m'nsanja za kumunda usiku wonse, kuomba ng'oma ndi kuyatsa moto. Koma zida zao zinali zocepa mphamvu, ndipo njovu zobadwa zinkaposa zophedwa.

NJOVU ZA JUMBE

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1840, pamene Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anafika ku Nkhotakota namanga mudzi wake pa gombe. Iye ndiye Jumbe woyamba. Anasankha malowo mwanzeru, pakuti doko lake nlobisika ku mphepo ya mwera, ndipo kucokera pamenepo zombo zinkaoloka nyanja kunka kutsidya la kum'mawa, kumene kunayambira njira ya pamtunda yonka ku Kilwa, pa nyanja yamcere. Jumbe anadza ndi nsaru, mikanda, onga ndi mfuti za gogodera. Cimene iye anafuna cinali minyanga ndi anthu.

Mwina mufunsa kuti minyanga yonseyo inkapita kuti. Ku India ankasema nayo makoza a akazi okwatiwa. Ku Ulaya ndi ku America ankapanga nayo zipeso, zigwiriro za mipeni, timipira ta masewera a pa gome, ndi mano oyera a congolo coyimbira cocedwa piyano. Mwana wa Mzungu pophunzira kuyimba ku London sanadziwe kuti zala zake zirikukhudza dzino la nyama ya ku Bua. Pakuti mnyanga ndi dzino ndithu, lomera m'nsagwada yapamwamba, ndipo mbali yake ina iri m'kati mwa mutu. Cotero palibe njira yolizulira lonse njovu iri moyo.

Akulu anati mnyanga sulemera mwini wake. Koma m'masiku a Jumbe unalemera anthu ena amene sanali eni ake. Kunalibe galimoto, ndipo ng'ombe ndi aburu sakanatha kupyola m'maiko a kashembe osafa. Katundu yense ankayenda pa mutu pa munthu. Cotero malonda awiriwa anayenda pamodzi: mfuti imene inapha njovu ndiyo inagwiranso anthu m'midzi, ndipo ambiri a ogwidwawo anasenza minyanga m'njira, nagulitsidwa iwo eni pofika ku gombe. Dr. David Livingstone anapita pa Nkhotakota m'caka ca 1861, nabweranso mu 1863, ndipo anapeza Aluya alikukhoma combo catsopano coolotsera akapolo. Iye analemba kuti akapolo 19,000 ocokera ku maiko a ku nyanja yathu ino ankapita pa doko la Zanzibar caka ndi caka. Mtengo wa mkuyu umene anthu auchula dzina lake ukali ciriri ku Boma, ndipo alendo apita kukauona.

Tisabise kanthu pano. Jumbe sakanatha kucita zonsezi yekha. Mafumu ena a dziko lino anagulitsa minyanga, nagulitsanso anthu a anzao, kuti apeze mfuti zodzichinjirizira kwa Angoni ndi kwa adani ena. Amene anakana malondawa anakhala opanda mfuti, nagwidwa ndi amene anali nazo. Nkhotakota inakula nikhala mudzi waukulu koposa m'dziko lonse lino. Mpunga umene tidya lero ku nyanja, ndi Cisilamu cimene abale athu ambiri atsata, zinakhazikika m'nyengo yomweyo. Koma njovu za pafupi zinacepa, ndipo alenje anayamba kunka kutali, ku Kasungu ndi ku cigwa ca Luangwa.

M'caka ca 1889 Harry Johnston anapangana cipangano ndi Jumbe wa nthawiyo m'dzina la Mfumukazi ya ku Mangalande. Mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo mu 1894 Jumbe wotsiriza anacotsedwa, natumizidwa ku Zanzibar. Zombo za akapolo zinaleka kuoloka.

NJOVU ZA BOMA

Azungu atakhazika Boma lao anaika malamulo a nyama. Munthu wofuna kukhala ndi mfuti kapena kupha njovu anayenera kugula calata, ndipo mtengo wake unali wakuti mlimi wa kumudzi sakanautha. Mnyanga wa pansi sunapitenso kwa mfumu. Lamulo la nyama la caka ca 1926 linadandaulitsa anthu kwambiri, kotero kuti ngakhale amishoni ena analitsutsa, pakuti linaletsa njira zambiri za kusaka za makolo pamene nguluwe ndi anyani zinalikutha minda. M'zaka za m'ma 1930 Boma linayamba kupatula mapiri a kumadzulo kwa Nkhotakota, ndipo mu 1954 malowo analembedwa kukhala nkhalango yosungiramo nyama.

Kunena zoona, cinthu cimeneci cinapulumutsa thengo lija. Cikadapanda kucitika, lero pa Bua pakadakhala zitsa zokhazokha monga tiona m'maboma ena. Koma anthu sanafunsidwe. Kumene ankafula njuci, kuzula bowa, kutola masuku ndi kudula nsungwi kunasanduka malo oletsedwa, ndipo munthu wopezeka m'menemo anali wakuba. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti "nyama za Boma," monga anenera "msonkho wa Boma." Ufulu utabwera mu 1964 Boma linakhala lathu, koma mau aja sanasinthe pakamwa pa anthu. Ndipo cinthu ca Boma, monga mudziwa, munthu saciyang'anira. Ngakhale mabenci a pa sukulu yanga athyoka msanga kuposa mipando ya kunyumba.

Tsono kunadza nyengo yaciwiri ya minyanga, yoopsa kuposa ya Jumbe. Mtengo wa minyanga unakwera ku maiko a ku Asia, ndipo mfuti za nkhondo zinafalikira m'maiko otizinga, makamaka pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Mu Afirika monse njovu zinali ngati 1,300,000 m'caka ca 1979, koma pofika 1989 zinatsala ngati 600,000. Caka comweco maiko anapangana kuletsa malonda a minyanga, koma akuba sanaleke. Alonda a ku Nkhotakota anali ocepa, oyenda pansi, ndipo nkhalango njaikulu. Njovu zimene kale zinkapitirira 1,500 zinatsala zosakwana 100 pofika caka ca 2015.

Amene anazipha sanali Aluya kapena Azungu. Ogula anali kutali, koma oomba mfuti ndi ochera makhwekhwe a waya anali abale athu a m'midzi yozungulira, ena cifukwa ca njala, ena cifukwa ca dyera. Khwekhwe la waya ndi msampha woipa, pakuti silisankha. Munthu achera gwape, koma likola citamba ca mwana wa njovu, kapena mwendo wa njati, ndipo nyamayo iyenda nalo bala lirikuola kufikira ifa. Mphalapala, ngoma, nchefu ndi mbidzi zinatha pafupifupi zonse. Munthu ankatha kuyenda tsiku lathunthu m'nkhalango yokongolayo osaona kanthu koma anyani ndi mbalame.

NJOVU ZOBWERA PA GALIMOTO

M'caka ca 2015 Boma la Malawi linapangana ndi bungwe locedwa African Parks kuti liyang'anire nkhalango za Nkhotakota ndi Liwonde, monga linali kuyang'anira kale ya Majete kuyambira 2003. Nchito yoyamba inali kuphunzitsa alonda, kuzula makhwekhwe zikwizikwi, kulanda mfuti, ndi kumanga mpanda wa waya wa magetsi. Poyamba anachinga malo a mahekitala 19,000 m'kati mwa nkhalango kuti mukhale ngati khola lolandirira alendo.

Alendowo anali njovu. Ku Liwonde zinacuruka kuposa malo ake, nizithyola mitengo ndi kulowa m'minda ya anthu a m'mbali mwa Shire. Za ku Majete mbiri yake njodabwitsa, pakuti kumeneko njovu zinatheratu mu 1992, nizibwezedwa kuyambira 2006, ndipo patapita zaka khumi zinaswana kotero kuti Majete anatha kugawira mnzake. M'miyezi yozizira ya 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kucokera ku nkhalango ziwirizi kudza ku Nkhotakota, pamodzi ndi nyama zina ngati 2,000: njati, mphalapala, ngoma, nchefu, mbidzi, nswala ndi njiri. Kusamutsa njovu kwa ukulu wotere kwacitika kawirikawiri ai m'dziko lonse la pansi.

Mlonda uja anatifotokozera m'mene ankacitira, ndipo ana anamvetsera kukamwa kuli yasa. Njovu sizikhala m'cigulu cosadziwika. Zikhala m'mabanja, ndipo mtsogoleri ndi yaikazi yokalamba, yotsatidwa ndi abale ake aakazi, ana ao ndi adzukulu, monga mbumba ya Acewa. Amphongo akakula acoka nayenda okha. Cifukwa ca ici ogwira nchito sanatenge imodzi imodzi, koma banja lonse pamodzi, kuopa kusiya ana amasiye. Ndege ya helikopita inkaziingira pa malo oyera, ndipo dotolo wa nyama ali m'mwamba ankazilasa ndi jekeseni wogonetsa, kuyambira zazikulu. Zikagwa, anthu a pansi ankathamangira kukaona kuti iri yonse yagonera cammbali, pakuti njovu ikagonera cifuwa ilephera kupuma. Ankaika kamtengo pa nsonga ya citamba kuti mphuno isatsekeke, naphimba diso ndi khutu lake lomwe kuti dzuwa lisaliononge. Atatero ankamanga miyendo ndi zingwe zolimba, ndipo makina onyamulira katundu ankaikweza m'mwamba, miyendo kumwamba mutu pansi, naigoneka pa galimoto. Talingalirani nyama yolemera ngati matumba a cimanga 100 irikulendewera ngati mbuzi ya pa msika! Pambuyo pake ankaipatsa mankhwala odzutsa m'bokosi lacitsulo, niimirira, nilowa m'galimoto lalikulu pamodzi ndi abale ake, kuyamba ulendo wa makilomita mazana angapo.

Cotero zina za njovu zimene tinaziona tsiku lija zinabadwira m'mbali mwa Shire. Koma kamwana kaja kanabadwira pa Bua. Njovu ikhala ndi bere miyezi 22, ndipo ibala mwana mmodzi pa zaka zinai kapena zisanu; nchifukwa cake kuzitha nkwapafupi koma kuzibweza nkwa zaka zambiri. M'caka ca 2017 lamulo la nyama linakhwimitsidwa, kotero kuti wopezeka ndi minyanga akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30.

Tinaonanso ngoma ziwiri zamphongo za nyanga zopotana, njiri zothamanga micira iri njo, mbawala m'mbali mwa madzi, ndi ng'ona iri gone pa mwala. Nkhwazi ana sanaisamale, poti aiona masiku onse kwathu. Mitundu ya mbalame m'nkhalangomo ipitirira 280. Mphalapala sitinaione, mlonda anatisonyeza mapazi ake okha. Nkhalango ya miombo njowirira, siiri ngati madambo a ku Liwonde kumene nyama zioneka patali, ndipo wopita kumeneko apite ndi mtima wodekha.

Pali kanyama kena kamene tinakumana nako osakafuna, ndiko kashembe. Kaluma ngati singano, ndipo ndiko kafalitsa nthenda ya kaodzera, imene yakhala ikubvuta anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi kwa zaka zambiri. M'njira tinaona nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo zopacikidwa pa mitengo. Nsaruzo zapakidwa mankhwala, ndipo kashembe pokonda maonekedwe amenewo atera pomwepo nafa. Munthu amene walumidwa nayamba kumva malungo ndi mutu asazengereze kupita ku cipatala, ndipo anene kumene anayenda, pakuti mankhwala alipo.

MPASA

Tsono wina wa ku Ngala anganene kuti, "Ife tiribe nazo kanthu njovu, ife ndi nsomba." Pamenepa ndipo ndifuna kuti timvane. Mpasa, nsomba yonona imene ipezeka m'nyanja yathu yokha ndi m'mitsinje yake, siiswana m'nyanja. Madzi akacuruka ikwera mitsinje, nikaikira mazira ake pa timiyala m'madzi oyera othamanga. Kumene anthu alima kufikira m'mphepete mwa mtsinje, dothi likokoloka nilikwirira timiyalato, ndipo mazira afa. Kumene achinga mtsinje wonse ndi miono, kapena kuthira katupe, nsomba ziphedwa zisanaikire. Mitsinje yambiri imene kale inali ndi mpasa lero iribe. Bua acokera kutali ku Mcinji, napyola m'minda ya fodya ndi cimanga, koma asanafike ku nyanja ayenda m'nkhalango imene mitengo yake siinadulidwe, ndipo ndi umodzi wa mitsinje yowerengeka imene mpasa ikali kuswana. Alonda amene alonda njovu ndiwonso aletsa miono ndi katupe m'menemo. Ndinauza anawo kuti mpasa imene atate ao akola pa Ngala, kapena inabadwira pa madzi omwewo amene njovu zija zinalikumwa.

Koma sindifuna kukunyengani kuti zonse ziri bwino. Pobwerera tinaima pa mudzi wina wa pafupi ndi mpanda kuti ana amwe madzi, ndipo ndinaceza ndi nkhalamba ina. Inandiuza kuti caka cina, mpanda usanafike kwao, njovu zitatu zinalowa m'munda mwake usiku umodzi nizizula cinangwa conse ca caka cathunthu, ndipo siinalandire kanthu. Njovu imodzi idya makilogalamu oposa 100 pa tsiku, ndipo munda wa munthu wosauka ndi cakudya ca usiku umodzi. Inabvomera kuti ciyambire mpanda igona tulo, ndi kuti masiku ena alonda alola anthu kulowa kukamweta udzu ndi kuzula bowa, ndi kuti mdzukulu wake analembedwa nchito yolambula mpandawo. Koma inatinso, "Aphunzitsi, alendo a magalimoto adzaona njovu nabwerera kwao, ogona nazo ndife." Sindinapeze mau oitsutsa. Ndiganiza kuti amene ayang'anira nkhalango acita bwino akamamvera anthu otere kuposa m'mene amvera alendo, pakuti makhwekhwe a zaka zapitazo anacokera m'midzi imene inalibe phindu ndi nyamazo.

Tinafika ku Ngala kutada, nyali za asodzi zitayamba kale kuoneka pa nyanja. M'mawa mwake mnyamata wa funso uja anadza ku ofesi kwanga ndi uthenga wa agogo ake aamuna, amene m'unyamata wao ankalowa ku Gemu usiku, monga mudzi wonse udziwa. Anati atawafotokozera za ulendo, agogowo anafunsa kuti njovu zinali zingati, ndi kuti minyanga ya yaikuluyo inali yotalika bwanji. Mnyamatayo anawasonyeza ndi mkono. Iwo anakhala cete nthawi yaitali alikusoka ukonde, ndipo pambuyo pake anamtuma kudzandifunsa ngati pa ulendo wa caka camawa pangapezeke malo a munthu mmodzi wamkulu, ndi kuti ndalama ya galimoto adzalipira okha.